CHIGAMULO CHA BWALO CHISATHERE PA PEPALA

Makolo athu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Mwambi umenewu tikuupereka sabata ino kwa onse amene amagwira ntchito ya chilungamo m'dziko muno, pakuti alipo Amalawi anzathu amene anapambana milandu ya ngongole m'mabwalo athu, nalandira chigamulo chodindidwa bwino lomwe, koma kufikira lero sanaone ngakhale tambala imodzi. Ife tikunena mosapsatira kuti mlandu wa ngongole sunathe tsiku limene woweruza wagamula. Umatha tsiku limene ndalama zafika m'manja mwa mwini wake.

Taganizirani za mlimi wa mpunga ku Karonga amene wapereka matumba ake kwa wamalonda wina pa ngongole, pokhulupirira kuti adzalipidwa mwezi ukatha. Mwezi watha, chaka chatha, wamalondayo akungozemba. Mlimiyo satenga chikwanje kapena kusonkhanitsa anyamata. Iye apita ku bwalo monga nzika yomvera malamulo, alipira ndalama za masamani, ayenda maulendo ambirimbiri, ndipo pomaliza bwalo ligamula kuti alipidwe. Ngati pambuyo pa zonsezi munthu ameneyu abwerera kumudzi ndi pepala lokha, kodi adzawauza chiyani ana ake za ubwino wotsata malamulo?

Sikuti malamulo akusowa ayi. Ndime 41 ya Malamulo Oyendetsera Dziko a chaka cha 1994 imapatsa munthu aliyense ufulu wopita ku bwalo kuti nkhani yake ikathetsedwe kotheratu. Lamulo lotchedwa Sheriffs Act limapatsa masherifu mphamvu zolanda katundu wa wangongole ndi kumugulitsa pa okushoni, bwalo likalamula. Malamulo a kayendetsedwe ka milandu ku Bwalo Lalikulu, amene anayamba kugwira ntchito mu 2017, amalolanso njira zina. Bwalo lingathe kulamula banki imene ikusunga ndalama za wangongole kuti izipereke kwa mwini ngongole, ndipo lingathe kuika nyumba kapena malo a wangongole kukhala chikole mpaka ngongoleyo ithe. Mu 2007 kunakhazikitsidwanso nthambi ya Bwalo Lalikulu yoona milandu ya zamalonda, ncholinga chakuti milandu yotereyi izifulumira. Zida zilipo zokwanira. Chimene chikufunika ndi changu pozigwiritsa ntchito.

Ena amaganiza kuti kuchedwa kulibe kanthu malinga ndalamazo zidzaperekedwe tsiku lina. Maganizo amenewa ndi olakwika. Mu May 2022 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, kotero kuti dola imodzi ya ku America, imene inali kugulidwa pafupifupi K1,180, inafika pa K1,700. Munthu amene bwalo linamugamulira K1,000,000 kusinthaku kusanachitike anali ndi ndalama zokwana madola oposa 800. M'mawa mwake ndalama zomwezo sizinakwane madola 600. Feteleza, mafuta a galimoto ndi mankhwala timazigula kunja, choncho mitengo yake imatsatira dola. Apa nchachidziwikire kuti mwezi uliwonse umene wangongole akuzengereza, iye akupindula ndipo mwini ndalama akusaukirasaukira.

Njira zozengerezera tikuzidziwa tonse. Wina akamva kuti masherifu akubwera, asamutsa katundu usiku nakamubisa kwa achibale. Wina alembetsa galimoto ndi nyumba m'dzina la mkazi wake kapena mlamu wake. Wina athamangira ku bwalo kukapempha kuti chigamulo chiyambe chaimitsidwa poti akuchita apilo, koma akapatsidwa chilolezo, apiloyo aiiwala dala. Ufulu wochita apilo ndi wofunika ndipo sitikuutsutsa, koma tikupempha oweruza athu kuti aziika malire a nthawi, ndiponso pamene nkoyenera azilamula kuti ndalamazo ziyambe zasungitsidwa ku bwalo. Wochita apilo moona mtima sangaope zimenezi.

Tisaiwalenso kuti chigamulo chimayenda ndi miyendo ya anthu. Mu 2012 ogwira ntchito m'mabwalo a milandu atanyanyala ntchito kwa miyezi yoposa iwiri, dziko lonse linaona kuti popanda makalaliki, amesenjala ndi masherifu, mawu a woweruza safika kulikonse. Nchifukwa chake tikuti ofesi ya masherifu ipatsidwe anthu okwanira ndi galimoto zoyendera, kuti wa ku Chitipa kapena ku Nsanje athandizidwe mofanana ndi wa ku Blantyre.

Zikapanda kutero, zotsatira zake ndi zoopsa. Munthu amene wataya chikhulupiriro mwa mabwalo amayamba kudziweruzira yekha. Alanda njinga ya mnzake panjira, kapena apita kupolisi kukapempha kuti mnzakeyo atsekeredwe mpaka abale ake asonkhe ndalama. Zimenezi ndi zosemphana ndi malamulo, pakuti ndime 19 ya Malamulo Oyendetsera Dziko imaletsa kuika munthu m'ndende chifukwa chakuti walephera kukwaniritsa pangano. Apolisi si otolera ngongole. Komanso amene ali ndi ndalama akaona kuti kubwezetsa ngongole nkovuta, amaleka kukongoza kapena amakweza chiwongoladzanja, ndipo mlimi ndi wamalonda wamng'ono, amene sanalakwe kanthu, amakathera m'manja mwa akatapila.

Polankhula motere sitikuti wangongole alibe ufulu. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa munthu amene akukana kulipira ali nazo ndi munthu amene wagwa m'mavuto. Wachiwiriyu asathawe masamani. Apite ku bwalo akafotokoze za mapezedwe ake, pakuti bwalo lili ndi mphamvu zomulola kulipira pang'onopang'ono. Ngati chiwongoladzanja chimene anamuikira ndi chankhanza, lamulo la Loans Recovery Act limalola bwalo kuunikanso panganolo ndi kuchepetsa ngongoleyo. Ngati masherifu alanda katundu wa munthu wina amene sakukhudzidwa ndi mlanduwo, mwini wake angathe kukadandaula ku bwalo kuti katunduyo abwezedwe. Masherifu nawonso adziwe kuti mphamvu zawo ndi za bwalo, osati zawo. Alembe bwino katundu yense amene atenga, amugulitse poyera pa mtengo woyenera, ndipo ndalama zikatsala azibweze kwa mwini katundu. Sherifu wolandira chiphuphu kuti achedwetse ntchito, kapena wogulitsa katundu mwamseri kwa anzake, achotsedwe ntchito ndi kuimbidwa mlandu.

Kwa inu okongoza, langizo lathu nlakuti pangano lililonse muzililemba pamaso pa mboni, ndipo musakhalitse, popeza mlandu wa ngongole ya pangano uyenera kufika ku bwalo zisanathe zaka 6. Mukapambana musangokhala kudikira. Bwererani ku bwalo mukapemphe lamulo lokakamiza wangongole, ndipo mukanene komwe kuli katundu wake.

Udindo umenewu ndi wa tonse. Makampani akuluakulu, mabungwe ndi maofesi a Boma ayenera kukhala patsogolo kulipira zimene mabwalo agamula, pakuti wamkulu akanyozera bwalo, wamng'ono amatengera pomwepo. Akuluakulu anati mlandu suwola, ndipo nzoona. Koma mwini ndalama amakalamba, ana ake amafuna fizi chaka chino, ndipo mvula yobzalira siyembekeza munthu. Tiyeni tilemekeze mabwalo athu pochita zimene agamula, ndipo tizichite pa nthawi yake.