Makampani akudula maulendo a nchito: kodi mpeni ukugwera ndani?

Caka ca 2025 cinayamba ndi nkhani yowawa kwa mabungwe ambiri muno m'Zambia. Mu Januwale boma la America linaimitsa thandizo lambiri lopita kumaiko ena, ndipo mu Meyi kazembe wa dzikolo ku Lusaka, a Michael Gonzales, analengeza kuti adzadula madola 50 miliyoni pa thandizo la mankhwala cifukwa ca kubedwa kwa mankhwala a boma. Ndalama zikacepa, mabwana amatsegula mabuku kufunafuna podula, ndipo diso limayamba kugwera pa maulendo a nchito. Makampani ogulitsa katundu, okonza motoka ndi a malo ogona amene amadyera m'mabungwewa nawonso akucita cimodzimodzi. Ambiri mwa ife timagwira nchito m'malo otere, ena posunga ndalama, ena pa ciwongolero, conco nkhaniyi ndi ya m'nyumba mwathu.

Mavuto sanayambe ndi America. Kucokera mu Disembala 2021, pamene boma linacotsa ndalama zimene linali kuikapo kuti mafuta atsike mtengo, kudzaza thanki kwakhala kolemera, ndipo bungwe la ERB linayamba kulengeza mitengo mwezi uliwonse. Kampani imene yalemba bajeti mu Januwale siingadziwe kuti ulendo wa ku Chipata, makilomita pafupifupi 570 kucokera ku Lusaka, udzadya zingati mu Juni. Onjezanipo zolipira pa mageti a pamsewu. Kwa anansi athu ku Malawi zinafika poti mu Novembala 2023, kwaca yawo itagwetsedwa ndi 44 peresenti, a Lazarus Chakwera anaimitsa maulendo akunja a akuluakulu a boma, ndi awo omwe, mpaka Marici 2024. A John Magufuli anacita zofanana ku Tanzania mu 2015.

Kuletsa n'kosavuta, ndipo anthu amawomba m'manja. Cobvuta ndi kufunsa kumene ndalama zimatayikira. Tonse tikudziwa za misonkhano imene ikanatheka mu ofesi ku Lusaka koma imapititsidwa ku Siavonga, ku Chisamba kapena ku Livingstone. Cifukwa cimene cimalembedwa papepala n'cakuti anthu aganize bwino kutali ndi phokoso. Cifukwa cimene sicilembedwa n'cakuti alawansi yogonera imatuluka pokhapokha munthu akagona kunja kwa dera lake la nchito. Nchito ya tsiku limodzi imatambasulidwa kukhala ya masiku anai, ndipo pa mndandanda pamapezeka maina a anthu amene sanafike n'komwe. Malipoti a Auditor General akhala akubwereza caka ndi caka nkhani ya imprest yosabwezeredwa malisiti ndi maalawansi olipidwa mosayenera m'maunduna. M'makampani mulibe lipoti lotere loti anthu onse awerenge, koma matendawa ndi amodzi.

Tsono kampani ikati iunikenso maulendo, olemba malamulo atsopano kawirikawiri ndi omwewo amene amapita ku Siavonga. Mpeni umatsika pansi. Wogulitsa katundu amauzidwa akwere basi m'malo mwa motoka ya kampani, ndipo dalaivala amauzidwa apite ku Kitwe ndi kubwerako tsiku lomwelo kuti asalandire ya kugona. Apa ndiye pamene ndikuona kuti pali ngozi yeniyeni. Mu 2016 boma linaletsa mabasi kuyenda usiku kuyambira 21:00 mpaka 05:00 cifukwa ca ngozi zimene zinali kupha anthu ambiri. Tulo timene timagwira woyendetsa basi ndi tomwe timagwira woyendetsa Hilux ya kampani. Amene anatsikapo mapiri a ku Luangwa mumdima, kapena kupikisana ndi malole a mkuwa pakati pa Kapiri Mposhi ndi Kabwe, akudziwa. Ndalama ya usiku umodzi pa lodge ndi yocepa poyerekeza ndi motoka yophwanyika, osanenanso za mkazi wamasiye ndi ana.

Palinso cina cimene sitiyenera kubisa. Kwa anchito ambiri alawansi inasanduka mbali ya malipiro. Munthu amapatsidwa ya kugona, iye nakagona kwa msuweni wake ku Ndola, yotsalayo nalipirira lendi kapena mayeso a mwana. Kodi ameneyu ndi wakuba? Ngati lamulo la kampani likuti ndalamayo ndi yake malinga wayenda ndi kugwira nchito, sanabe. Wakuba ndi uja wogula lisiti pa malo omwetsera mafuta, kapena wosainira ulendo umene sanayende. Koma kampani imene ikucotsa maalawansi osayang'ana malipiro idziwe kuti yatsitsa ndiwo pa mbale za mabanja, ndipo ena idzawakankhira ku malisiti abodza aja.

Kuunika koona kumayamba ndi maulendo a caka catha, umodzi umodzi: anapita ndani, kukacita ciani, ndipo cinatulukapo n'ciani. Zikatero zambiri zimaonekera zokha. Anthu atatu a madipatimenti osiyana anapita ku Solwezi sabata imodzi ndi motoka zitatu. Matikiti a ndeke anagulidwa dzulo lake la ulendo, pamene mtengo wakwera. Kampani ingapangane mtengo ndi malo ogona ocepa n'kumawalipira yokha, ingatumize ndalama za panjira pa foni kuti pakhale umboni, ndiponso ingakane kupereka imprest yatsopano kwa amene sanabweze malisiti a yakale. Koma lamulo limeneli likhudze a manejala wamkulu poyamba. Akapanda kulitsata iwo, lidzafa mwezi usanathe.

Ena akuti yankho ndi Zoom basi. Inde, nthawi ya COVID-19 inatiphunzitsa kuti misonkhano yambiri siifuna mafuta. Koma cilala ca 2024 cinatiphunzitsanso cina: madzi atacepa ku Kariba, malaiti anali kuzima pafupifupi tsiku lonse, netiweki nayonso n'kumadukaduka. Ndipo pampu ya pa mjigo ku Lundazi siikonzedwa pa kompyuta, ngakhalenso mlimi amene ali ndi ngongole ya mbeu sakhulupirira munthu amene sanamuonepo nkhope.

Mipingo yathu isadzione ngati yoonerera. Nafenso tili ndi masinodi, misonkhano ya amai ndi ya acinyamata, makomiti okumana kutali, ndiponso zipatala za mishoni zimene kudzera ku CHAZ zimadalira thandizo lomwe likucepali. Nehemiya anakhala kazembe wa Yuda zaka 12 osatenga cakudya cimene udindo wake unamulola, cifukwa anthu anali olemedwa kale. Paulo, potumiza zopereka za ku Yerusalemu, anafuna kuti abale osankhidwa ndi mipingo ayende nazo pamodzi, kuti pasapezeke wokayikira. Pa msonkhano wotsatira wa zacuma pa mpingo wanu, pemphani asungicuma awerenge padera ndalama zimene zinapita ku maulendo a komiti, ndi zimene zinapatsidwa kwa mlaliki woyendera nthambi za kumidzi pa njinga.