Galimoto ya rimoti ikafa, itsegulireni kaye musanaitaye

Anzanga, m'makomo ambiri muli kagalimoto ka rimoti kamene timati kanafa. Kena kanabwera ndi amalume kuchokera ku Joni, kena kanagulidwa pa kaunjika nthawi ya Khirisimasi. Kanathamanga milungu iwiri, kenako kanayamba kungolira pamalo amodzi matayala osazungulira. Akuluakulu anangoti, "Zidole za masiku ano n'zosalimba," basi kanaponyedwa kunsi kwa bedi. Ine ndikuti timafulumira kulira maliro. Nthawi zambiri chimene chavuta ndi kagiya kamodzi kapena kasikuluwu kakang'ono ngati njere ya mpunga. Magalimoto amenewa tisawataye, tiwabweretse kusukulu tiphunzirirepo.

Tiyambe ndi mmene mphamvu imafikira ku matayala. Batire imazunguza mota. Kunsonga ya shafiti ya mota kuli kagiya kakang'ono kotchedwa pinion. Kameneka kamaluma giya yaikulu yotchedwa spur, ndipo iyi imapereka mphamvu ku magiya ena, mpaka ku difu ndi ku matayala. Tinene kuti pinion ili ndi mano 18 pomwe spur ili ndi 90. Tikagawa 90 ndi 18 tipeza 5, ndiye kuti mota izungulire kasanu kuti spur izungulire kamodzi. Liwiro latsika, koma mphamvu yokankha yakwera. Ndi velocity ratio yomwe ija imatizunguza mitu mu Fizikisi, ndipo ndi zomwe amachita wakabaza akamasintha giya pa chitunda. Mukaika pinion ya mano ambiri, galimoto imathamanga kwambiri, koma mota imatentha ndipo batire imatha msanga. Palibe chaulere, amwene.

Ndiye ikavuta titani? Choyamba, mverani kulira kwake. Galimoto imanena yokha pamene pakupweteka.

Ngati mota ikulira mwaufulu koma matayala ali phee, yang'anani pinion. Pa magalimoto akuluakulu, monga a Traxxas ndi Tamiya, pinion imagwidwa ndi kasikuluwu kam'mbali, ndipo kayenera kutsamira pamalo ophwatalala a shafiti. Kakamasuka, shafiti imangozungulira yokha mkati. Pa tamagalimoto totchipa, pinion yapulasitiki imangokhomeredwa pa shafiti, ndipo ikang'aluka imaterereka chimodzimodzi.

Ngati mukumva "tete-tete" kapena "gwerere" poyamba kuyenda, mano sakulumana bwino, mwinanso ena adyeka kale. Zunguzani spur ndi chala pang'onopang'ono, muone dzino lililonse. Kawirikawiri spur imakhala yapulasitiki pomwe pinion ndi yachitsulo, choncho yoyamba kutha ndi spur. Musakwiye nazo. Bola kudyeka giya yotchipa kusiyana n'kupsa kwa mota.

Ngati kulira kuli kopyapyala, koboola m'makutu, ndipo mota ikutentha moti chala sichingapirire masekondi ochepa, magiya athinana kwambiri, kapena pali china chimene chikugwira, monga udzu ndi ulusi wa saka zokulungika pa ekiselo.

Mankhwala a kuthinana ndi kutayana ndi amodzi, ndipo ali m'chikwama chanu chomwecho. Ng'ambani kachidutswa ka pepala la m'kope. Masulani pang'ono masikuluwu ogwira mota, lowetsani pepalalo pakati pa pinion ndi spur, kankhirani mota mpaka mano alume pepala, mangani masikuluwu, kenako zunguzani giya kuti pepala lituluke. Mpata umene latsala nawo ndiwo woyenera: mukagwira pinion, spur izigwedera pang'ono chabe. Yesani malo angapo kuzungulira giya yonse, chifukwa spur yapulasitiki simakhala yozungulira ndendende.

Difu nayo ili ndi mayeso ake osavuta. Nyamulani galimoto, zunguzani tayala limodzi lakumbuyo. Linzake liyenera kuzungulira mobwerera, mosalala. Likamajejemera kapena kudumpha, tsegulani difuyo, pukutani girizi wakale, onani mano, ikani watsopano pang'ono.

Apa pali msampha umene ambiri timagwamo. Timaganiza kuti girizi ndi wabwino paliponse. Ayi ndithu. Girizi ndi wa magiya otsekeredwa mkati. Pinion ndi spur zikakhala pamtunda, zisiyeni zouma. Fumbi lathu la mwezi wa Okutobala likamatirira pa girizi limasanduka ngati sandipepa, ndipo limadya mano tsiku lililonse. Mswachi wakale wotsukira mano ukwanira kuchotsa mchenga mukatha kusewera. Chinanso, posintha giya onetsetsani kuti kukula kwa mano kukufanana. Giya ya 48 pitch singalumane ndi ya 32 pitch, ngakhale muikakamize bwanji. Pa tamagalimoto ting'onoting'ono, nthawi zina giya yoyenera imapezeka mu DVD kapena pirinta yakufa.

Ndikudziwa zimene ena mukunena muli poteropo. "Aise, izi n'zoseweretsa za ana a mabwana, ife tili ndi MSCE." Zoona, yatsopano ndi yodula, ndipo sindikuuza munthu kuti akavutitse makolo amene akuvutika kale. Koma ine ndikukamba za yakufa, imene mwini wake angakupatseni ulere n'kuthokozanso kuti mwamuchotsera zinyalala. Za mayeso nazo, taganizani: pa CDSS ngati yathu ino zipangizo n'zochepa, magiya timangowaona pa bolodi atajambulidwa ndi choko. Ndani adzakumbukire bwino m'chipinda cha mayeso, amene analoweza kapena amene anawerenga mano ndi chala chake? Ndipo difu ya kagalimoto aka imagwira ntchito mofanana ndi ya minibasi imene timakwera. Amene akulota zokaphunzira umakaniko kudzera ku TEVETA angayambire pomwepa.

Tisaiwalenso kuti ambiri a ife tinakula tikupinda mawaya n'kupanga magalimoto okhala ndi chiwongolero chokhota bwinobwino. Manja amenewo sanathe nzeru. Chimene tikusowa ndi kulimba mtima kotsegula chinthu chogula kusitolo. Ndipo izi si za anyamata okha. Asisi, sikuluwu sifunsa kuti wagwira ndani.

Pempho langa ndi ili. Kalabu ya sayansi ipeze katoni imodzi yosungiramo magalimoto akufa. Aphunzitsi athu a Fizikisi, chonde tipatseni tebulo limodzi ndi ola limodzi pa tsiku la makalabu. Enafe tibwere ndi sikuludiraiva, mswachi wakale ndi kambale koikamo masikuluwu kuti asasowe. Mwa atatu akufa, imodzi ikhoza kudzuka. Fufuzani kunsi kwa bedi lero, mawa mubwere nayo.

Mnzanu wa Fomu 3