NZERU ZA MAKONO: Ndodo Yoonda Imene Iitana Thandizo Pamadzi

Anthu a kwa Mfumu Mphuka, m'boma la Luangwa limene kale linali kuchedwa Feira, akhala pafupi ndi pamene mtsinje wa Luangwa uthira mu Zambezi. Kutsidya kuli Zumbo wa ku Mozambique ndi Kanyemba wa ku Zimbabwe. Pa mabwato ena a injini oyenda m'madzi amenewa pamaoneka ndodo yoonda yoimirira, yogwedezeka ndi mphepo ngati bango. Ndodoyo si ya mbedza ai. Ndi eriyo ya wailesi, imene itumiza ndi kulandira mau.

Zombo za nkhondo za m'maiko a kunyanja yamcere zidalira kwambiri ndodo zotere. Pa zombo za ku America, zina zitalika mafiti 35, ndiye kuti mamita opitirira pang'ono 10 ndi theka. Zipangidwa ndi citsulo copepuka, kapena ndi waya wokutidwa bwino kuti dzimbiri lisaudye. Ubwino wace ndi wakuti ndodo yoimirira imwaza mafunde a wailesi kumbali zonse mofanana. Motero combo cingatembenukire kumpoto kapena kumwera, mau sasoweka. Citsulo ca combo ndi madzi omwe zithandiza mafundewo kuyenda.

Kutalika kwa ndodo kuyenera kugwirizana ndi mafunde ace. Mafunde aatali, amene akwera kumwamba ndi kubwerera pansi kutali, kuseri kwa mapiri ndi nyanja, afuna ndodo yaitali. Mafunde aafupi a VHF afuna yaifupi, ngakhale ya theka la mita. Koma awa ayenda molunjika monga kuwala, ndipo phiri liwatsekereza. Ndico cifukwa cace eriyo iikidwa pamalo okwera a bwato. M'cigwa ca Zambezi, cozingidwa ndi mapiri, nkhani imeneyi ndi yaikulu.

Phindu la wailesi pamadzi linaoneka poyera pa 15 April 1912, pamene sitima ya Titanic inamira. Anthu oposa 1,500 anafa, koma ena pafupifupi 700 anapulumuka cifukwa sitima ya Carpathia inamva kuitana kwao pa wailesi ndi kuthamangirako. Pambuyo pace maiko anapangana kuti zombo zikhale zomvetsera usana ndi usiku. Lero oyenda pamadzi aitanira thandizo pa Channel 16, pa 156.8 MHz.

Ngozi za pa Zambezi azidziwa bwino asodzi: mvuu igubuduza bwato, ng'ona idikira m'mabango, injini ifa pakati pa madzi. Pa nthawi yotere, eriyo yothyoka itanthauza kuti anthu afuula popanda wowamva.

Cifukwa cace makolo alangizidwa kuletsa ana kusewera ndi ndodozi pamadoko, kuzipinda, kapena kuyanikapo ukonde ndi zovala. Munthu asagwire eriyo pamene wailesi itumiza mau, pakuti yamphamvu itentha dzanja. Pa mvula ya ziphaliwali onse atalikirane nayo, popeza mphezi ikonda cinthu cotalika. Eni mabwato aonetsetse kuti waya wace sunadyeke ndiponso kuti batire ili ndi moto asanacoke pa doko. Kuyesa wailesi kutenga mphindi imodzi cabe, ndipo kuyenera kucitika bwato likali kumtunda.