Kulakatula "wani, thuu, fili" si masamu ayi

Makolofe tili ndi kamtima kena kofulumira kunyada. Mwana wa zaka zinayi akachoka ku nasale n'kuyamba kulakatula "wani, thuu, fili" mpaka kufika pa twente, timaitana aneba kuti adzamve, n'kumati fizi sikupita padera. Koma tamuikirani manachesi asanu ndi awiri pamphasa, mumuuze kuti akupatseni anayi. Wina adzangotapa odzaza manja. Wina adzaloza limodzi kawiri, lina n'kulilumpha. Wina adzawerenga bwinobwino mpaka kumapeto, koma mukamufunsa kuti "ndiye alipo angati?" adzayambiranso pa wani. Mwana ameneyu waloweza nyimbo, masamu sanawayambe.

Akatswiri awiri a ku America, Rochel Gelman ndi C. R. Gallistel, adalongosola m'chaka cha 1978 zomwe mwana amayenera kugwira kuti tinene kuti akuwerenga zinthu. Chinthu chilichonse chilandire nambala imodzi yokha. Manambala azitsatana mofanana nthawi zonse. Ndipo chovuta koposa: nambala yomwe watchula pomaliza ndiyo ikunena kuchuluka kwa mulu wonse. Zimenezi sizilowa m'mutu poyang'ana pa bolodi kapena potsatira mawu a aphunzitsi ngati kwaya. Zimalowa kudzera m'zala, pogwira, posuntha, pogawa, kawirikawiri mpaka zitakhazikika.

Wina anena kuti mwana akazipeza ku sitandade 1. Azipeza kwa yani? Chiyambire 1994 pomwe boma la a Bakili Muluzi lidachotsa fizi ku pulayimale, makalasi oyambirira ndi odzaza, ndipo si zachilendo kuona mphunzitsi mmodzi ali ndi ana oposa 100. Mphunzitsi wotere sangagwire dzanja la mwana aliyense kuti aone ngati akuloza bwino. Zotsatira zake tidaziona pa kafukufuku wa MICS wa 2019 mpaka 2020: mwa ana a zaka 7 mpaka 14, pafupifupi 13 okha pa 100 alionse ndiwo adakhoza masamu a poyambira. Ana amenewa mawa ndiwo adzakhala pa kauntala ya golosale yanu, ndiwo adzakubwezerani chenji m'minibasi.

Chomwe chimandipweteka n'chakuti boma ngati la Mwanza lili ndi zipangizo zonse za phunziroli, ndipo n'zaulere. Nyengo ya manachesi ikafika, m'mbali mwa msewu wochokera ku Blantyre kupita ku chipata cha Zobue mumakhala milu yokhayokha. Mayi woika milu ija amachita masamu tsiku lonse: mulu uliwonse ukhale wofanana ndi unzake, akulu paokha, ang'ono paokha, ndi limodzi la basera. Mwana wake amakhala pomwepo, akusewera ndi fumbi, koma palibe yemwe amaganiza zomuuza kuti "taika anayi apa, anayinso apo, tsopano ndi pati pachuluka?" Timamuthamangitsa kuti asadetse katundu, mawa lake n'kukalipira ndalama kuti munthu wina akamuimbitse manambala. Asa!

Nanga masewera athu? Pa bawo munthu amaika kanthu kamodzi m'dzenje lililonse, zomwe zili ndendende lamulo loyamba la a Gelman lija. Pa phada mtsikana amatulutsa ndi kubweza miyala, poyamba umodziumodzi, kenako iwiriiwiri, kenako itatuitatu. Agogo athu sadawerenge mabuku a akatswiri, koma adasiya masewera omwe amaphunzitsa kugawa ndi kuphatikiza mwana asanagwire pensulo.

Chinenero chathunso chili ndi chinsinsi chomwe timachinyoza. Pa Chingelezi, "seveni" ndi liwu chabe, silikuuza chilichonse. Pa Chichewa timati zisanu ndi ziwiri: dzanja limodzi lathunthu, ndi zala ziwiri za dzanja linalo. Mwana yemwe wazolowera kunena choncho waphunzira kale kuti 5 kuphatikiza 2 ndi 7, osadziwa n'komwe kuti akuchita samu. Sindikuti titaye manambala a Chingelezi, ayi. Pamsika tonse timati faifi handiredi, ndipo mwana ayenera kuwadziwa. Ndikuti ayambe wamva tanthauzo m'chinenero cha kunyumba, dzina la Chingelezi libwere litapeza poti likhale.

Tsono tikambe za sukulu za mkombaphala, zomwe a boma amazitcha ma CBCC. Kumidzi ya kwa Kanduku, kwa Nthache ndi kwa Govati, monganso m'maboma ena, zimenezi ndizo nasale za anthu wamba. Alezi ambiri m'sukuluzi ndi anthu ongodzipereka, ndipo n'kulakwa kuwadzudzula ngati kuti amalandira malipiro a mphunzitsi. Dandaulo lawo timalidziwa: tilibe zipangizo. Pa nkhani ya phala, denga ndi chimbudzi akunena zoona, ndipo unduna woona za ana uyenera kuyankha. Koma pa masamu ndikukana. Zitsekerero za mabotolo, nyemba, zitsononkho, timitengo, miyala ya kumtsinje, zonsezi n'zokwanira. Maria Montessori, yemwe dzina lake lero limalembedwa pa zikwangwani za sukulu zodula za m'tauni, adatsegula sukulu yake yoyamba m'chaka cha 1907 pakati pa ana a amphawi a mu mzinda wa Rome, ndipo mfundo yake inali yomweyi, yakuti dzanja ligwire kaye. Chosowa kwathu kuno ndi munthu woti aonetse mlezi kuti chitsekerero n'chida chophunzitsira, ndi kholo loti lisamuone mleziyo ngati waulesi akapeza ana akuseweretsa miyala.

Pakuti vuto lalikulu ndi ifeyo makolo. Eni nasale za pulaiveti amadziwa chomwe timafuna: kope lodzaza manambala okopera, homuweki kwa mwana wa zaka zitatu, mayeso, ndi mwambo wa giraduweshoni wa mikanjo ndi zisoti. Amatigulitsa chomwe tapempha. Tikanati tizifunsa kuti "mwana wanga angathe kugawira anzake atatu mtedza mofanana?" bwenzi ataleka kuimbitsa ana m'mawa wonse.

Inu a geni, ntchitoyi siifuna kuti mutseke malonda. Pomwe kulibe kasitomala, mwana asankhe tomato wamkulu ndi wamng'ono, aike milu, akuuzeni yatsala ingati mukagulitsa umodzi. Akalakwa musamuuze yankho, muwerengenso naye akugwira. Madzulo atenge mbale zokwanira anthu onse a pakhomo, asabweretse yotsala. Inunso ophunzira a ku sekondale ndi ku koleji, mukapita ku tchuthi, mng'ono wanu uja musamupatse foni kuti akhale chete. Mukumbireni maenje anayi pabwalo, mumupatse nyemba zisanu ndi zitatu, muone ngati aziika ziwiriziwiri.