Umphawi ku Salima: feteleza yekha sangatichotse m'njala

Kuyambira mu 2005, boma lakhala likudalira feteleza wotsika mtengo polimbana ndi umphawi. Koma feteleza amadikira mvula. Mu 2024 ng'amba inawotcha chimanga, ndipo mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Chaka chomwecho nyanja inasefukira mpaka kulowa m'nyumba ku Senga Bay, minda yakumtunda ili gwaa.

Ena akuti ndalama za Mtukula Pakhomo ziwonjezedwe. N'zoona, okalamba ndi ana amasiye akufunika thandizoli, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu 2023. Komabe mlimi wamphamvu zake akusowa ngalande zothirira ngati za mpunga ku Lifuwu, kuti azikolola kawiri pachaka. Aphungu athu akumbukire zimenezi pokambirana bajeti.