Lilime lina kumudzi, lina kulikulu

Werengani: Luka 14:28-30, Yakobo 5:12

Lero tiyeni tilingalire za nkhani ya njanji imene yakhala ikuzunguza mitu ya andale ku Mangalande kwa zaka zoposa 15.

Mu 2009, boma la chipani cha Labour lidayamba chikonzero chomanga njanji ya sitima yothamanga kwambiri yotchedwa HS2, yochokera ku London kupita ku Birmingham, ndipo pambuyo pake ku Manchester ndi ku Leeds. Maboma a chipani cha Conservative amene adatsatira adaupitiriza mpaka ntchito idayamba.

Koma anthu a ku Buckinghamshire, dera limene njanjiyi ikudutsa, adaikana kwamtuwagalu. Minda yawo idalandidwa, mitengo yakalekale idagwetsedwa, ndipo ku Stoke Mandeville mafupa a anthu pafupifupi 3,000 adafukulidwa pamanda a tchalitchi chakale cha St Mary's kuti njanji ipeze njira. Chowawitsa mtima n'chakuti m'dera lonseli mulibe siteshoni ngakhale imodzi. Sitimayo izidzangowadutsa ngati mphepo.

Apa ndi pamene ndale zidaonetsa maonekedwe ake enieni. Khonsolo ya Buckinghamshire inali m'manja mwa chipani cha Conservative, chomwecho chimene chinkalamula dziko. Komabe mu 2011 khonsoloyi idatsogolera makhonsolo ena kupanga gulu lotchedwa 51m lotsutsa njanjiyi. Adapita mpaka kubwalo lalikulu la milandu, koma adagonja mu January 2014. Chaka chomwecho aphungu a Nyumba ya Malamulo adavomereza kuti bilu ya njanjiyi ipitirire ndi mavoti 452, pamene okana adali 41 okha. Zipani zikuluzikulu zonse zitatu zidagwirizana nayo.

Ovota adayamba kufunafuna wowamvera. Pachisankho cha makhansala cha 2013, chipani cha UKIP, chimene chinkatsutsa njanjiyi, chidapeza mipando 6 m'khonsoloyi. Mu June 2021, pachisankho chapadera chotsatira imfa ya phungu Cheryl Gillan, dera la Chesham and Amersham, limene chiyambire 1974 linali la Conservative, lidasankha mayi Sarah Green a chipani cha Liberal Democrats. Mayiwa adachita kampeni yotsutsa HS2 ngakhale kuti chipani chawo kulikulu chinkaifuna. Padalinso madandaulo ena okhudza malamulo a zomangamanga, koma njanji inali pakamwa pa aliyense.

Nanga njanji idaima? Ayi. Ngalande ya makilomita 16 idakumbidwa pansi pa mapiri a Chiltern. Chimene chidadula ntchitoyi si voti ya anthu a ku Buckinghamshire koma kukwera kwa mtengo wake. Nthambi yopita ku Leeds idasiyidwa mu 2021, ndipo mu October 2023 nduna yaikulu ya panthawiyo, a Rishi Sunak, adathetsa nthambi ya ku Manchester. Anthu akumpoto amene adalonjezedwa sitima adangotsala kukamwa yasa, ndipo akummwera amene adaikana adatsala ndi fumbi lake.

Ambuye Yesu adafanizira munthu woyamba kumanga nsanja asadawerengere chuma chake, amene amasanduka choseketsa akalephera kumaliza. Fanizoli likunena za mtengo wotsatira Khristu, komabe nzeru yake ikukhudzanso aliyense wogwira chuma cha anthu. Koma phunziro lalikulu m'nkhaniyi lili pa lilime. Yakobo akutichenjeza kuti kuvomera kwathu ndi kukana kwathu kukhale koona, kosafuna malumbiro. Chipani chikamavomera chinthu kulikulu n'kumachikana pamsonkhano wa kumudzi, wovota akhulupirire liti? Akulu adati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo kawirikawiri wovumbwayo amakhala munthu wamba.

Tisafulumire kuweruza onse. Mayi Gillan adatsutsa njanjiyi kwa zaka zambiri m'Nyumba ya Malamulo momwe, pamaso pa atsogoleri a chipani chawo. Zimene ankanena kumudzi n'zomwe ankanena kulikulu. Adalephera kuiletsa, koma sadanamize anthu awo. Munthu angathe kugonja ali wokhulupirika.

Ifenso kuno kwathu timasankha makhansala ndi aphungu, ndipo malonjezo timawamva ochuluka. Tsono wofuna mpando akafika pabwalo, timufunse mafunso awiri. Loyamba: kodi chimene mukulonjezachi chili m'mphamvu za mpando mukuufunawo? Khansala angathe kutilankhulira, kuyang'anira ndalama za chitukuko ndi kumenyera chipukutamisozi choyenera, koma sangathe kusintha lamulo la dziko. Lachiwiri: kodi mawu mukutiuzawa mudzawabwereza pamaso pa akuluakulu a chipani chanu?

Ndipo inu Akhristu amene mukufuna maudindo, kumbukirani kuti lonjezo lidadulitsa mutu wa Yohane. Musalonjeze chimene simungathe kuchita pofuna kuwomberedwa m'manja. Kuli bwino kutaya mpando mutanena zoona kusiyana ndi kuupeza ndi bodza, pakuti Mulungu amamva zonenedwa kumudzi ndi zonenedwa kulikulu.

Tipemphere: Atate wakumwamba, tipatseni atsogoleri a lilime limodzi, ndipo ife ovota mutipatse nzeru zosiyanitsa lonjezo loona ndi mawu ongokometsera. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.