Mahedifoni ochipa abwino alipo, koma khutu siligulidwa pa msika

Kholo lililonse limene linagulirapo mwana foni lidziwa kuti nkhani sithera pa foni. Sipapita mlungu, mwana abweranso: tsopano afuna mahedifoni. Akuti anzake onse ali nao, akuti pa gemu sakumva adani pamene abwera, akuti nyimbo sizikoma pa kasipika ka foni. Makolo ena amangokana, ati izi n'zacibwana. Ena amapisa m'thumba, n'kupatsa mwana ndalama kuti akadzionere yekha ku Town Centre kapena ku Kamwala. Ine ndiona kuti onse awiri alakwa. Cinthu cimene cidzakhala pa khutu la mwana wanu maola atatu kapena anai tsiku lililonse ciyenera kusankhidwa mosamala monga mmene tisankhira nsapato za kusukulu, kholo lili pomwepo.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndiwanena poyamba kuti amene afuna kutsutsa adziwe cotsutsa. Kwa banja la ndalama zocepa, mahedifoni oyenera ndi a nthambo, opepuka, ochinga bwino phokoso lakunja, opangidwa ndi kampani yodziwika koma osati ya mtengo wapamwamba. Amenewo akwanira pa magemu ndi pa nyimbo pomwe. Palibe cifukwa cogulira awiri.

Tiyambe ndi khutu, cifukwa ndilo lili pa ngozi. M'kati mwenimweni mwa khutu muli kaciwalo kopindika ngati cigoba ca nkhono. M'kaciwalo kameneka muli tumaselo tambirimbiri tokhala ndi tuubweya, ndipo ndito timasandutsa mau kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso lalikulu likapitirira kwa nthawi yaitali, tumaselo timeneti timafa, ndipo mwa munthu sitimeranso ai. Dzino likawola acotsa n'kuikapo lina, diso likafooka tivala magalasi, koma kumva kukaonongeka ndi phokoso sikubwerera. Coipa n'cakuti palibe ululu wocenjeza. Cizindikiro coyamba nthawi zambiri ndi kulira kwa m'khutu ngati nyenje pambuyo povula mahedifoni, kapena kumva mau a anthu ngati alankhulira m'mtsuko.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linacenjeza m'caka ca 2015 kuti acinyamata okwana 1.1 biliyoni, a zaka 12 mpaka 35, ali pa ngozi yoonongeka makutu kaamba ka kamvedwe kosayenera. Ukulu wa phokoso amaupima ndi muyeso wochedwa decibel. Anthu awiri akamaceza bwinobwino, mau ao ali pa ma decibel 60 kapena capafupi. Malinga ndi bungweli, munthu wamkulu angamvetsere phokoso la ma decibel 80 kwa maola 40 pa mlungu popanda vuto. Kwa ana muyeso wake ndi 75. Koma onani mmene nthawi icepera msanga: pa ma decibel 90 ndi maola 4 cabe pa mlungu wonse, ndipo pa 100 ndi mphindi 20. Foni yokhala ndi mahedifoni, voliyumu ili pa mapeto, ingathe kupitirira 100. Ndiye kuti mnyamata amene akweza mpaka pothera, wadya gawo lake la mlungu wonse minibasi isanacoke n'komwe pa Kulima Tower. M'caka ca 2025 bungwe lomweli pamodzi ndi la ITU linatulutsa malangizo apadera okhudza magemu, cifukwa anaona kuti kulira kwa mfuti ndi mabomba a m'magemu nako kukupha makutu.

Tsono wina angafunse kuti izi zikhudzana bwanji ndi kusankha kogula. Zikhudzana kwambiri. Mwana sakweza voliyumu cifukwa cakuti ndi wopusa. Amakweza cifukwa sakumva. Tumaiyafoni tuja ta pulasitiki yolimba, tumene tungolendewera pa khomo la khutu, situtseka kanthu. Phokoso la injini, la kondakita, la wailesi ya dalaiva, lonse limalowa, ndipo mwana amalimbana nalo pokweza nyimbo zake. Mahedifoni amene aphimba khutu lonse, kapena tumaiyafoni tokhala ndi mphira wofewa wolowa bwino m'khutu, amacepetsa phokoso lakunja, motero munthu amamva zonse bwino voliyumu ili pakati. A WHO amalangiza kuti voliyumu isapitirire 60 peresenti. Ndi mahedifoni otseka bwino, langizo limeneli ndi losavuta kulisunga. Ndi aja otayirira, ngakhale mwana womvera adzaliphwanya.

Pano ndiyenera kuikapo cenjezo limodzi. Cimene citseka phokoso la minibasi citsekanso hutala ya galimoto. Mahedifoni otere ndi a pa mpando, osati oyenda nao m'mbali mwa Great East Road kapena podumpha njanji, ndiponso osati pa njinga.

Caciwiri ndi kukhala bwino pa mutu. Ogulitsa sanena zambiri za ici, koma ndico cimene cicititsa kuti mahedifoni ambiri agone m'kabati pambuyo pa mwezi umodzi. Yang'anani kulemera kwake. Ambiri olembedwa kuti ndi a magemu amalemera magalamu 300 kapena kuposa, ndipo pakatha ora limodzi khosi ndi liwombo ziyamba kudandaula. Kuyerekeza cabe, a Koss Porta Pro, amene anayamba kupangidwa m'caka ca 1984 ndipo akali kugulitsidwa, alemera pafupifupi magalamu 60. Sindikuti mukafune amenewo. Ndingosonyeza kuti mau abwino safuna katundu wolemera. Yang'ananinso mphamvu imene apanira mutu. Amene apana kwambiri amapweteka nsagwada ndi m'mbali mwa mutu, makamaka kwa mwana wovala magalasi, pakuti miyendo ya magalasi imakanikizidwa pa khungu.

Ndipo musaiwale dziko limene tikhalamo. Amene anapanga zinthu izi ambiri sanakhalepo ku Luangwa kapena ku Mambwe mwezi wa Okutobala. Tumakhushoni tokutidwa ndi cikumba cabodza timatentha, timacititsa thukuta, ndipo pakapita nthawi timayamba kusupuka n'kusiya tuzidutswa takuda pa makutu ndi pa kolala ya yunifomu. Ta nsalu timapitisa mphepo ndipo tikhalitsa, ngakhale kuti timalowetsako phokoso pang'ono. Ngati tumakhushoni tingacotsedwe ndi kusinthidwa, cimeneco ndi cinthu ca mtengo wake. Kwa amene asankha tumaiyafoni tolowa m'khutu, m'paketi mumayenera kukhala mphira za masaizi atatu. Mwana ayese zonse. Ambiri amangogwiritsa nchito imene anaipeza yoikidwa kale, n'kumati iyafoni ndi yoipa pamene vuto ndi saizi.

Tifike pa nkhani imene ndidziwa kuti acinyamata adzandikwiyira nayo: nthambo kapena Bluetooth. Ndivomereza kuti opanda nthambo ndi okoma poyenda, ndipo nthambo ndiyo imayamba kuduka pa mahedifoni ambiri. Komabe pa magemu nthambo ipambana. Mau a Bluetooth amayamba asinthidwa, atumizidwa m'mphepo, n'kumasulidwanso, ndipo nchito imeneyi imatenga kanthawi. Pa ochipa ambiri mau amacedwa ndi cigawo ca sekondi cofika pa 0.2 kapena kuposerapo. Pomvera nyimbo simungazindikire. Koma pa PUBG Mobile, Free Fire kapena Call of Duty Mobile, kumene moyo wa wosewera udalira kumva mapazi a mdani, kanthawi kameneko ndi kokwanira kuti mumve mfuti mutagwa kale. Ena ali ndi batani lochedwa game mode limene licepetsako kucedwaku, koma silikucotseratu. Amene asewera mpira pa PlayStation 4 kapena 5 adziwenso kuti makina amenewa salandira mahedifoni wamba a Bluetooth, pamene a nthambo mungowalowetsa pa kabowo kali pa cogwirira comwe.

Palinso nkhani ya batiri. Tonse tikumbuka caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo madera ambiri anali kukhala opanda malaiti maola 17 kapena kuposa pa tsiku. M'nyumba zambiri munali mkangano wa amene ayambe kuchaja foni malaiti akabwera pakati pa usiku. Kuonjezerapo cinthu cina cofuna chaja ndi kudzisenzetsa mtolo. Ndiponso tumabatiri ta m'tumaiyafoni timafooka pakapita zaka zocepa, ndipo pa tambiri palibe njira yotusinthira. Mahedifoni a nthambo akaduka, mnyamata wokonza mafoni pa kantemba angawalumikize. A batiri akafa, afa.

Musanagule a nthambo, yang'anani foni ya mwana. Kampani ya Apple inacotsa kabowo ka mahedifoni kuyambira pa iPhone 7 m'caka ca 2016, ndipo mafoni ambiri odula anatsatira. Mwamwai mafoni ambiri a Tecno, itel ndi Infinix, amene ndiwo ali m'manja mwa anthu ambiri kuno, akali nako kabowo ka mamilimita 3.5. Ngati palibe, pafunika kolumikizira ka USB-C, ndipo kayesedwe pa foni yomweyo cifukwa si tonse timagwira pa foni iliyonse. Yang'ananinso kamutu kacitsulo ka kumapeto kwa nthambo. Ngati kali ndi mizere itatu yozungulira, ndiye kuti kanyamula ndi maikolofoni. Ngati mizere ndi iwiri, mwana adzamva anzake koma iwo sadzamumva kudzera pa nthambo imeneyo. Pa kompyuta ya pa tebulo yokhala ndi mabowo awiri, lobiriwira ndi la pinki, pafunika kanthambo kogawa pawiri.

Tsopano za zolembedwa pa bokosi. Liu lakuti gaming limakweza mtengo, koma silikweza mau. Tumagetsi tosinthasintha mitundu sitimveka m'khutu, ndipo wovala sationa n'komwe. Zakuti 7.1 nazo zisakusokonezeni: pafupifupi onse ochipa ali ndi tumasipika tuwiri cabe, kamodzi kumanzere kamodzi kumanja, ndipo zotsalazo ndi nchito ya pulogalamu. Magemu ambiri amadziwa kale kusonyeza mbali imene mau acokera pogwiritsa nchito tuwiri tomweto. Cina cimene acinyamata amathamangira ndi besi. Besi yambiri imakoma mphindi zisanu zoyamba pa sitolo, koma imakwirira mau ang'onoang'ono. Pa gemu imabisa mapazi. Pa nyimbo imameza mau a woimba. Yesani ndi nyimbo ya kalindula ya P.K. Chishala, kapena ya kwaya imene muidziwa bwino. Ngati mumva mau onse a woimba, gitala payokha ndi ng'oma payokha popanda kukweza, mahedifoniwo adzacita bwino ndi pa gemu pomwe.

Cimene cindidetsa nkhawa koposa ndi gong'a. M'misewu ya Lusaka, ku Kapata ku Chipata ndi kwina konse mupeza tumabokosi toyera tolembedwa AirPods kapena JBL pa mtengo umene ngakhale mwana adziwa kuti si woona. Akulu anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Wogula zotere akulipira dzina limene silili m'katimo, ndipo palibe amene angamuyankhe zikafa. Ndalama yomweyo, kapena yoonjezerako pang'ono, ingagule cinthu ceniceni ca kampani imene siicita manyazi kulemba dzina lake. Oraimo, ya kampani yomwe ipanga Tecno ndi itel, ipezeka pafupifupi paliponse. Sony nayo ili ndi mahedifoni ochipa a nthambo monga MDR-ZX110. Koma dziwani kuti maina amenewa naonso amaberedwa, motero malo ogulako ndi ofunika monga dzina.

Ena adzati ndikulimbikitsa ana kutaya nthawi pa magemu m'malo mowerenga. Nkhawa imeneyo ndiimva, koma foni munagula kale, ndipo mwana amene mwamukaniza adzabwereka tumaiyafoni ta mnzake, tumene tapita m'makutu a anthu asanu, pamodzi ndi litsiro ndi matenda ake. M'nyumba za zipinda ziwiri zimene ambiri tikhalamo, mahedifoni amathandizanso kuti wina awerenge, agogo agone, wina asewere. Za maola osewera zili m'manja mwa kholo, ndipo kholo limene linathandiza kugula lili ndi mphamvu yoika malamulo: kupumula pakatha ora lililonse, kuvula pa nthawi ya cakudya, kusagona nao. Muyeso wosavuta ndi uwu: ngati muitana mwana muli pafupi naye mkono umodzi ndipo sakumvani, kapena inu mumva nyimbo zake muli capatali, voliyumu yakwera.

Pa tsiku logula, pitani ndi mwana ndi foni yake. Awavale mphindi khumi, osati mphindi imodzi, ndipo ngati avala magalasi asawavule. Mvetserani khutu lamanzere palokha ndi lamanja palokha. Gwedezani nthambo pafupi ndi kamutu nyimbo ikulira, ikadukiza, siyani. Imbirani munthu foni kuti muyese maikolofoni. Wogulitsa amene akana kutsegula paketi kapena kupereka risiti, mupiteni, ogulitsa ndi ambiri. Ndipo mukaona cikwangwani cakuti katundu akagulidwa sabwezedwa, dziwani kuti lamulo loteteza ogula la caka ca 2010 liletsa zikwangwani zotere, ndipo bungwe la CCPC limalandira madandaulo a anthu ogulitsidwa katundu wakufa. Risitiyo muisunge pamodzi ndi bokosi.